Kugona m'nyumba za amalonda akale ku Stone Town

Nkhani ya lero ikuchokera ku Zanzibar, chilumba cha dziko la Tanzania chimene amalonda ambiri a kuno kwathu amangochimva akakhala pa Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, osadziwa kuti boti lothamanga limatenga maola awiri okha kukafikako.

Mlendo amene walipira madola 200 kapena kuposerapo kuti agone usiku umodzi pakatikati pa Stone Town, mzinda wakale wa pachilumbachi, amayamba ndi kudabwa, chifukwa takisi simufikitsa pakhomo. Dalaivala amaima pamene msewu wathera, n'kuimba foni. Posakhalitsa pamatulukira mnyamata wa kuhotela, amasenza chikwama kapena kuchiika pa ngolo yokankha, ndipo ulendo wotsalawo ndi wapansi. Tinjira ta mumzindawu n'topanikizika moti m'malo ena munthu akatambasula manja amatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Kutsogolo kukubwera njinga yamoto ikuliza hutala, kumbuyo ana a madrasa akuthamanga, pambali madala akhala pa mabenchi amiyala omangidwira kukhoma akumwa khofi m'timakapu topanda chogwirira. Pamwamba padutsa nthambo zamagetsi ndi mapaipi amadzi zolukanalukana. Kenaka mnyamata uja amaima pa chitseko chachikulu chamatabwa, chosemedwa maluwa, chokhala ndi zitsulo zamkuwa zosongoka. Hotela ija ndi imeneyi. Palibe geti, palibe kapinga, palibe poimika galimoto.

Mahotela a mtundu umenewu amakhala ndi zipinda zochepa, mwina khumi, mwina makumi awiri, ndipo palibe ziwiri zofanana. Emerson Spice, imodzi mwa zotchuka, ili ndi zipinda 11 zokha. Inzake ya Emerson on Hurumzi ili pafupi pomwepo. Onse awiriwa amatchedwa dzina la Emerson Skeens, mzungu wa ku America amene adakhazikika pachilumbachi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kuyamba kukonza nyumba zakugwa ndi kuzisandutsa malo ogona alendo. Adamwalira mu 2014. Pa nthawi imene ankayamba, anthu ochepa okha ndiwo ankakhulupirira kuti munthu wandalama zake angasiye mchenga woyera wa ku Nungwi kudzagona m'kanjira konunkha zokometsera zakudya ndi ngalande.

Tilowe m'chipinda. Choyamba ndi makwerero. Nyumba zambiri zotere zilibe chikepe, ndipo masitepe ake ndi amatabwa, otsetsereka, ena aatali kuposa anzawo. Amene ali ndi vuto la mawondo afunse chipinda chapansi asanalipire. Chipindacho chimakhala chachitali koma chopapatiza, ndipo pali chifukwa chake. Amisiri akale ankayala denga pa mitanda ya mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo mitengo imeneyi siitalika kwenikweni, choncho m'lifupi mwa chipinda munkathera pamene mtanda wathera, mamita atatu kapena kupitirirako pang'ono. Mlendo akagona chagada amaiona mitandayo, yakuda bii, yondandalikana pansi pa denga loyera.

Bedi lake ndi lalitali moti ena amaikapo kampando kokwererapo. Lili ndi mizati inayi yonyamula neti, ndipo kumutu ndi kumiyendo kuli timagalasi tojambulidwa mbalame ndi maluwa. Madzulo wantchito amabwera kudzatsitsa netiyo ndi kupopera mankhwala a udzudzu. Pakona pamakhala bokosi lamatabwa lokhomedwa mkuwa, bafa ndi lamiyala lomangidwira pansi, mawindo ena alibe galasi koma matabwa otsekula ndi kutseka. M'zipinda zina mulibe wailesi yakanema, ndipo eni ake sapepesa. Zina zili ndi makina oziziritsa mpweya, zina zimadalira fani ndi mphepo ya kunyanja. Amene adazolowera mahotela a misonkhano, okhala ndi kapeti ndi mawindo osatseguka, akhoza kufunsa kuti ndalama yonseyi yapita kuti.

Yankho lili m'makoma. Stone Town idamangidwa ndi miyala ya korali yokumbidwa pachilumba pomwepo, yomatidwa ndi laimu wosakaniza ndi dothi ndi mchenga. Khoma lotere ndi lochindikala, limasunga kuzizira masana, koma limamwa madzi ndipo liyenera kuwatulutsanso. Likamatidwa simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati ndipo mwala umafumbutuka, monga momwe chimanga chosauma chimawolera chikasokeredwa m'thumba la pulasitiki. Mitanda ija nayo ikanyowa kunsonga imawola mwakachetechete mpaka tsiku limene denga lidzatsike. Choncho mwini hotela woona mtima amalemba amisiri odziwa kuotcha ndi kuviika laimu, amapaka njereza chaka ndi chaka ikatha mvula ya pakati pa Malichi ndi Meyi, amasintha mitanda umodziumodzi, ndipo thumba lililonse la mchenga limalowa pa ngolo yokankha. Gawo lalikulu la mtengo wa chipinda ndi ndalama yoti nyumbayo isagwe.

Kugwako sikongoyerekeza. Pa 25 Disembala 2020, mbali ya Beit-al-Ajaib, nyumba yotchuka kuposa zonse mumzindawu, idagumuka ikukonzedwa ndipo anthu awiri ogwira ntchito adafa. Nyumbayi adaimanga Sultan Barghash mu 1883, ndipo ndiyo idali yoyamba pachilumbachi kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Ngati nyumba ya mfumu, yodziwika dziko lonse, idafika pamenepo, nanga za m'tinjira zimene palibe amazijambula? Stone Town ili ndi nyumba pafupifupi 1,700, ndipo woyenda pansi amaona zambiri zitachirikizidwa ndi mitengo, zina zitamera nkhuyu m'ming'alu.

Zidafika bwanji pamenepa? Mzindawu udalemera m'zaka za m'ma 1800, Sultan Seyyid Said atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840. Chuma chidachokera ku zinthu zitatu: minda ya zokometsera zotchedwa karafuu, minyanga ya njovu ndi akapolo. Aluya a ku Oman adamanga nyumba zamakoma osalala zokhala ndi bwalo mkati, Amwenye adamanga zokhala ndi sitolo pansi ndi makonde amatabwa pamwamba. Pa 12 Januwale 1964 boma la Sultan lidagwetsedwa, anthu ambiri adaphedwa, ndipo Aluya ndi Amwenye ochuluka adathawa. Boma latsopano la Abeid Karume lidalanda nyumba zambiri n'kulowetsamo mabanja, kawirikawiri banja limodzi chipinda chimodzi, pa lendi yochepa. Anthu adapeza pokhala pakati pa mzinda umene kale udali wa mabwana awo. Koma denga likadontha panalibe mwini woti alikonze. Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980, pamene mtengo wa karafuu udagwa ndipo boma lidatsekula khomo kwa amalonda ndi alendo. Bungwe loyang'anira Stone Town lidakhazikitsidwa, bungwe la Aga Khan lidakonza nyumba ya Old Dispensary ndi bwalo la Forodhani, ndipo mu 2000 UNESCO idaika mzindawu pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika ku dziko lonse.

Tsopano tibwerere ku Emerson on Hurumzi, chifukwa nyumba imeneyi ili ndi mwini wake woyamba wodziwika bwino. Anali Tharia Topan, Mmwenye wa chipembedzo cha Ismaili, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri pagombe lonse la kum'mawa kwa Africa, amene m'zaka za m'ma 1870 adagwira ntchito yotolera msonkho wa padoko m'malo mwa Sultan Barghash. Topan ndiye adayambitsa kumanga Old Dispensary mu 1887 kuti chikhale chipatala. Topan yemweyo ndiye ankakongoza katundu kwa Tippu Tip, mkulu wa maulendo a minyanga ndi akapolo amene adafika mpaka ku Congo ndipo adamenyana ndi mfumu Nsama kumpoto kwa Zambia. Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkatengedwa pangongole m'nyumba ngati zimenezi, ndipo ngongoleyo inkabwezedwa ndi zimene aulendo abwera nazo kuchokera kumtunda.

Kumtundako ndi kwathu kuno. Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa anthu ogwidwa kupita tsidya lija la nyanja, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Ochokera ku Kilwa ambiri ankathera pamsika wa ku Zanzibar kapena m'minda ya karafuu. Mwa anthu amene adasenza miyala ya makoma ochindikalawa ndi kuotcha laimu wake munali Anyanja ndi Ayao. Jumbe womaliza atachotsedwa pampando ndi Angerezi mu 1894, adamutumiza ku Zanzibar komweko. Choncho Mmalawi amene wagona pa bedi lalitali lija ali ndi chifukwa choyang'anira mitanda ya kudenga mosiyana ndi mlendo wa ku Italy wa m'chipinda choyandikana nacho. Timabuku ta m'mahotela timakonda kukamba za mafumu, ana aakazi a mafumu ndi fungo la zokometsera. Za amene adamanga timangodutsapo mzere umodzi, ngati tatchulako n'komwe.

Kuyenda mphindi zochepa kuchokera pa Emerson on Hurumzi munthu amafika ku Mkunazini, pamene padali msika wa akapolo mpaka 1873, chaka chimene Barghash adakakamizidwa ndi kazembe John Kirk kuutseka. Pamalopo pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chimene adamangitsa Bishopu Edward Steere. Mkati muli mtanda wopangidwa kuchokera ku mtengo umene patsinde pake adakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, zimene adasema Clara Sörnäs wa ku Sweden. Ukapolo weniweniwo sudathe mu 1873. Lamulo louthetsa pachilumbachi lidabwera mu 1897.

Palinso nyumba ina yokhudza mbiri yathu, ndipo nkhani yake ikuonetsa kumene malonda a mahotela amalakwira. Kugombe la Shangani kuli Mambo Msiige, nyumba ya Mluya wina wolemera ya m'zaka za m'ma 1840. Amishoni a Anglican a UMCA atalephera ku Magomero, kumene adafika mu 1861 ndipo Bishopu Mackenzie adamwalira chaka chotsatira, Bishopu Tozer adasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864 ndipo adakhala m'nyumba imeneyi. Kuchokera ku Zanzibar ndiko mishoniyo idabwereranso kunyanja yathu n'kukhazikika pa Likoma. Lero Mambo Msiige ndi mbali ya hotela ya Park Hyatt, imene idatsekulidwa mu 2015 ndi zipinda 67. Nyumba yakaleyo idakonzedwa bwino, koma pambali pake adamangapo nsanjika yatsopano yaikulu, ndipo komiti ya UNESCO idadandaula poyera kuti kutalika ndi kukula kwake kudaononga maonekedwe a gombe la mzindawo. Hotela ya Serena, m'dera lomwelo, idatsekulidwa mu 1997 pogwiritsa ntchito nyumba ziwiri zakale, ina idali ya matelegalamu, popanda mkangano wotere. Apa ndi pamene hotela yaing'ono imapambana: zipinda 11 zimakwana m'nyumba momwe iliri, pamene zipinda 67, dziwe losambira ndi holo ya maphwando zimafuna malo amene mzinda wakale ulibe.

Komabe ngakhale zazing'onozo zili ndi mlandu wake. Nyumba iliyonse imene yasanduka hotela ndi nyumba imene kale munkakhala mabanja. Mwini akaona kuti chipinda chimodzi chingamubweretsere pa usiku umodzi ndalama yoposa imene banja limalipira pamwezi, sachedwa kuganiza. Mabanja aja amasamukira ku Ng'ambo, kuseri kwa msewu umene kale udali khwawa, kapena kutali kunja kwa mzinda. Telala ndi wogulitsa makala amalowedwa m'malo ndi sitolo ya zithunzi ndi malaya olembedwa dzina la Freddie Mercury, woimba amene adabadwira pachilumbachi mu 1946. Mumsewu wa Gizenga masitolo otere angondondozana. Madzi nawo ndi nkhani: hotela imakhala ndi thanki ndi pampu yake kuti mlendo asambe kawiri patsiku, pamene khomo loyandikana nalo likudikira kuti mpopi utuluke. Magetsi amachokera kumtunda kudzera pa nthambo ya pansi pa nyanja, ndipo itaonongeka mu Disembala 2009 chilumba chonse chidakhala mumdima pafupifupi miyezi itatu, kupatula okhawo a majenereta. Chodabwitsa n'chakuti chimene mlendo amalipirira, mzinda wamoyo wa ana asukulu ndi amayi ogula nsomba kumsika wa Darajani, ndicho chimene ndalama yake imachepetsa pang'onopang'ono.

Tisamalize ngati kuti zonse ndi madandaulo, chifukwa madzulo a padenga ndi osaiwalika. Pa Emerson on Hurumzi malo odyera ali pamwamba penipeni, amodzi mwa malo aatali kwambiri mumzindawu. Alendo amavula nsapato, amakhala pa mapilo, ndipo wantchito amawathira madzi onunkhira m'manja asanadye. Pansi ponse pali malata, ofiira ndi dzimbiri ndi ena atsopano, nsanja ziwiri za tchalitchi cha Katolika cha St Joseph, nsonga ya kachisi wa Ahindu, ndi zombo zamatanga zikubwerera kudoko. Dzuwa likangolowa, mzikiti umodzi umayamba kuitana mapemphero, wina n'kulandira, mpaka mzinda wonse umamveka mawu amodzi osiyana poyambira. Oimba amadikira kuti mapemphero athe, kenaka amayamba taarab, nyimbo za zeze, vayolini ndi ng'oma zazing'ono zimene Siti binti Saad adatchukitsa atajambula mbale zake ku Bombay mu 1928. Ena mwa oimba a masiku ano adaphunzira ku Dhow Countries Music Academy, sukulu imene Skeens adathandiza kuyambitsa. Chakudya chimabwera pang'onopang'ono, mbale zazing'ono zingapo: mpunga wa pilawu, nsomba yophikidwa mu kokonati, zipatso, khofi wothira zonunkhira. Malo ndi ochepa, choncho amalembetseratu.

Kuitana mapemphero kuja kumabweranso m'mbandakucha, cha m'ma 5 koloko, ndipo mawindo amatabwa satchinga kanthu. Munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota sangadabwe. Alendo ena amadandaula pa intaneti ngati kuti hotela ikadatha kuzimitsa mizikiti pafupifupi 50. Anthu a pachilumbachi pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo mlendo akatuluka pachitseko chosemedwa chija walowa m'mudzi wa eni. Mapewa ndi mawondo aphimbidwe, zovala zosambira zitsale kugombe, mowa umwedwe mkati. M'mwezi wa Ramadani malo ambiri odyera amatseka masana, ndipo kudya poyenda mumsewu ndi mwano. Kujambula mayi wovala mkanjo wa buibui osapempha ndi mwano mwezi uliwonse.

Ndipo pasakhale wodya chakudya chonse m'hotela. Usiku pa Forodhani amayatsa nyali n'kuyala matebulo a nyama ndi nsomba zootcha, madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo, ndi urojo, msuzi wowawasa wa mango wothiramo mbatata ndi zokazinga. Mtengo ufunsidwe mbale isanadzazidwe. M'mawa pa Jaws Corner khofi wa kapu yaing'ono amagulidwa ndi ndalama yachitsulo, ndipo pamenepo ndi pamene amuna a mumzindawu amakambira ndale ndi mpira. Ndalama yogwiritsidwa ntchito m'malo otere imalowa m'thumba la munthu wokhala momwemo.

Kwa amene akuganiza zopita, njira ilipo ya basi kudzera pa Songwe ndi Mbeya mpaka Dar es Salaam, kapena ya ndege, kenaka boti. Pasipoti ya Malawi siifuna viza ku Tanzania paulendo waufupi, koma iyenera kukhala pafupi chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar lidalamula alendo ochokera kunja kugula inshuwalansi yake ya madola 44, choncho ndi bwino kufunsa za imeneyi ulendo usanayambe. Mitengo ya zipinda imatsika nyengo ya mvula yaikulu, ndipo imakwera mu Disembala, mu Febuluwale pa chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara, komanso pakati pa chaka.

Kodi n'koyenera kulipira ndalama yonseyo? Kwa munthu wofuna dziwe losambira, bata ndi tulo tofika 9 koloko, ayi. Apite kugombe la kum'mawa kapena kumpoto. Kwa wofuna kuona mmene mzinda wa amalonda a m'zaka za m'ma 1800 udamangidwira, kuchokera mkati, usiku umodzi kapena uwiri ndi wokwanira, ndipo hotela yaing'ono ya m'nyumba yakale ndi yabwino kuposa yaikulu yomangidwa chatsopano pagombe. Inu amene mudzapiteko, musanalipire dzafunseni mafunso atatu pa foni: nyumbayi adamanga ndani, makoma ake amakonzedwa ndi laimu kapena simenti, ndipo mwa antchito ake ndi angati amene kwawo ndi ku Zanzibar. Mukadzafika, dzapatuleni m'mawa umodzi wopita ku Mkunazini musanapite kukagula zithunzi.